Samu ya Ndaziona

Lolemba galimoto ya khonsolo inadutsa ndi chimkuzamawu:
Lachinayi akudzayeza nyumba ku Katsekaminga.
Pofika Lachitatu a Mkwezalamba anali atazira matope
pakhoma lawo lasimenti,
dishi ya kanema itatsika padenga
kukabisala kukhola la nkhumba.
Kwathu Nangozo anangoti:
“Inu pakamwa potseka. Akafunsa, muziti imadontha.”

Lachinayi kunacha ndi nkhungu,
phiri la Dedza litafunda mpaka kumapazi.
Anafika awiri: mnyamata wonyamula fayilo
ndi mayi wajekete lobiriwira, tepi ili m'manja.
Anapinda maondo pang'ono.
“Aphunzitsi, mwandiiwala?”
Ndaziona Chidzanja! Sitandade sikisi, ku Linthipe,
benchi yakumbuyo, wopanda juzi mu Juni,
yemwe ndinamuswa chikwapu kawiri
chifukwa cha thebulo la seveni.

Anandigwiritsa kansonga ka tepi.
Ine mwini nyumba chilili pangodya ngati chikhomo,
iye akubwerera chambuyo,
kachitsulo kakusololoka m'chigoba ngati lilime la nanzikambe.
Mulitali, naini.
Mulifupi, seveni.
Njerwa zootcha, wachonga. Malata, wachonga.
Tepi ilibe makutu.
Siimva kuti malatawo ndi penshoni yonse
ya zaka makumi atatu zopuma fumbi la choko,
kuti khondelo linali ng'ombe ziwiri za malemu bambo,
kuti simenti ya pabalaza inkabwera thumba limodzilimodzi
tikagulitsa kachewere pamsewu.

Pachitseko chachitatu anaima.
“Muno mumagona munthu?”
Nangozo anayamba kukonza mpango womwe unali bwinobwino.
Bedi la Wedisoni lili chiyalire,
chaka chachisanu chipitire ku Joni,
foni yake imayankha ndi mzungu wamkazi.
Kunsi kwa bedi mbewu ya mbatata yatuluka maso,
nayonso ikudikira.
“Lembani kuti chipinda chogona,” ndinatero.

Kenako fomu, ndi chala chondilozera posayina.
Koma diso la mphunzitsi silipuma pantchito.
Naini kuchulukitsa ndi seveni,
pansi pake walemba fifite folo.
Ndinamuyang'ana.
Iye maso ali kuphiri, phiri losaoneka.
Mnyamata uja akuuzira mpweya m'manja mwake, alibe nazo.
Nangozo, yemwe samu amaidziwira pamsika,
anandiponda chala.

Ndinamva ndithu. Sanalakwitse.
Inali mphatso, ngati nkhuku ija ankabweretsa makolo
potsekera sukulu, yomanga miyendo, yosakana.
Mamita naini osowa pafomu
ndi sopo, ndi mayunitsi a magetsi, ndi mankhwala a bondoli.
Ndipo khonsoloyo yatichitira chiyani?
Ngalande inatsekeka Wedisoni akadali pano,
zinyalala kumsika zamera chimanga.
Zonsezi ndinaziwerenga mumtima, zinandikwanira.

Dzanja lokha ndi lomwe silinamve.
Linapita lokha kuthumba la malaya
komwe cholembera chofiira chimagona mpaka lero.

“Ndaziona, tabwerezanso.”

Sanawerenge zala. Sanayang'ane n'komwe papepala.
“Sikisite filii, aphunzitsi.”
Motsitsa mawu, ngati akundipepesa maliro.
Anadula mzere, nakonza, nasayina pambali,
tepi inadzimeza yokha, khwee,
napita kwa a Mkwezalamba
komwe mawawa anali atayamba kale kutsuka khoma.

Madzulo tiyi anabwera wopanda shuga.
“Shuga wapita kukhonsolo,” anatero Nangozo,
ndipo mawu ake a tsikulo anathera pomwepo.
Ndinamwa choncho, wowawa, nditafunda bulangete pakhonde,
kuwerenga ndalama yomwe ndadzilipitsa ndekha
m'nyumba yomanga ndekha.
Kupusa kwake ndikukuvomera.
Chikalata chikadzafika ndidzadandaula ngati wina aliyense.

Komabe pozimitsa nyale
ndinapezeka ndikumwetulira mumdima,
chogona chakukhoma, kuopa Nangozo angaone:
mwana uja, wa benchi yakumbuyo uja,
thebulo la seveni analigwira.